Kodi kuwala kungadutse mwala popita n'kukanika kudutsa pobwerera?

Mphunzitsi_Ndirande:
Moni nonse a pagulu pano. Ndimaphunzitsa fizikisi Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo Lachitatu tili pa mutu wa kuwala ndinauza ana lamulo limene tonse tinaphunzira, lakuti njira imene kuwala kwadzera popita kungadzerenso pobwerera, moti ngati ine ndikuona maso anu pa kalilole, inunso mukuona anga. Mtsikana wina wokhala kutsogolo anaimika mkono n'kunena kuti anawerenga pa foni ya mchimwene wake kuti kuli miyala ina yopangidwa m'malabotale, yotchedwa multiferroic, imene imalola kuwala kudutsa kukachokera mbali imodzi koma imakumeza kukachokera mbali inayo. Ine posafuna kuchita manyazi pamaso pa ana, ndinayankha msangamsanga kuti zimenezo n'chimodzimodzi ndi magalasi a tinti a pa galimoto. Ana atatuluka, mtima unayamba kunditsutsa. Amene mukuzidziwa ndithandizeni, kuti ngati ndinawasocheretsa ndikakonze Lolemba.

Magalasi_Limbe:
Aphunzitsi, musadziimbe mlandu, simunaname. Ine ndamata tinti pa magalimoto ndi pa mawindo a maofesi kwa zaka zambiri, ndipo imene timaitcha ya mira imachita zomwe mwanayo ananena. Wa m'kati amaona zonse za pamsewu, pamene wakunja amangodziona nkhope yake.

Fibre_Chirimba:
Achimwene a ku Limbe, nanga usiku mukayatsa getsi m'chipindamo zimakhala bwanji?

Magalasi_Limbe:
Usiku zimatembenuka, ndipo zimenezo sindingakane. Chaka chatha mayi wina amene ndinamumatira mawindo a pabalaza anabwera atakwiya kuti anthu odutsa pamsewu akumaona zimene banja lake likudya madzulo, ndipo ndinachita kumulangiza kuti agule makatani.

Fibre_Chirimba:
Ndiye kuti mwayankha nokha. Tinti imadutsitsa gawo lofanana la kuwala mbali zonse ziwiri. Ngati imalola gawo limodzi mwa magawo khumi kulowa, imalolanso gawo limodzi mwa magawo khumi kutuluka. Masana kunja kumawala kwambiri, choncho kuwala kochepa kotuluka m'chipinda kumamira m'kuwala kochuluka kumene galasi likubwezera kwa munthu wa panja. Usiku chipinda ndicho chimawala, ndipo nkhani imasinthana. Chimene chikusiyanitsa ndi dzuwa ndi getsi, galasilo lilibe tsankho.

Namiyala_Ntcheu:
Ndilowererepo monga wogula ndi kugulitsa miyala. Ruby, monga uja amakumbidwa ku phiri la Chimwadzulu kwathu ku Ntcheu, ukamuyang'ana mbali ina amaoneka wofiira mopendekera kofiirira, ukamutembenuza amaoneka wofiira mopendekera ku mtundu wa lalanje. Tili ndi kachipangizo kotchedwa dichroscope kamene kamaonetsa mitundu iwiriyo pambalipambali, ndipo ndiko kamatithandiza kusiyanitsa ruby ndi garnet kapena botolo losweka. Tourmaline ndiye amachita kunyanya, mbali ina amada bii pamene mbali ina akuwala. Kodi si zimenezi mwanayo amanena?

Gogo_Fizikisi:
A Namiyala, mwayandikira kuposa a ku Limbe, koma simunafike. Yesani mawa kusitolo kwanu. Gwirani ruby wanu pakati pa diso ndi nyali, muone mtundu wake, kenako mumutembenuze ndendende kuti nkhope imene inaloza kwa inu iloze kunyali. Mtundu udzakhala womwewo. Mitundu imasintha mukayang'ana chopingasa kapena choimirira, chifukwa mwalawo umameza mosiyana malinga ndi mbali imene mafunde a kuwala akugwedezekera, monga amachitira magalasi a dzuwa aja oyendetsa magalimoto amavala. Koma pa mzere umodzi womwewo, kupita ndi kubwera n'kofanana.

Zimene mwana wa aphunzitsi anawerenga ndi zina, ndipo n'zoona. Mzere ndi womwewo, mtundu wa kuwala ndi womwewo, kagwedezekedwe kake ndi komweko, koma kochokera kumanzere kukudutsa pamene kochokera kumanja kukumezedwa. Ofufuza amazitcha nonreciprocal directional dichroism. Ndikapuma pang'ono ndifotokoza chimene chimachititsa, chifukwa zala zanga sizithamanga pa foni ngati zanu.

Mphunzitsi_Ndirande:
Zikomo agogo, ndikudikira. Apa ndaona kale kuti mwanayo ndiye anali wolondola.

Wokayika_Bangwe:
Ine sindinakhutire. Lamulo limene lakhala m'mabuku zaka zonsezi silingagwe chifukwa cha zimene mwana waona pa foni.

Fibre_Chirimba:
Bambo a ku Bangwe, lamulolo lili ndi malire ake, ndipo malirewo ndimawagwira ndi manja kuntchito. M'makina ambiri otumiza uthenga pa fibre, tizingwe tagalasi toyendamo kuwala, kutsogolo kwa laser kumakhala kachipangizo kotchedwa isolator. Kuwala kumene mafunde ake ndi otalika ma nanomita 1310 kapena 1550 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) kumatuluka bwinobwino, koma kumene kwagunda polumikizira n'kubwerera kumatsekeredwa kuti kusakasokoneze laser. M'kati mwake muli kamwala ka mtundu wa garnet kozunguliridwa ndi maginito. Kamwalako kamapotoza kagwedezekedwe ka kuwala ndi madigiri 45 popita, ndipo pobwerera sikamasula kupotozako koma kamaonjezeranso madigiri 45 ena, moti kukwana 90 ndipo sefa ya pakhomo, imene imangolola kuwala kogwedezekera mbali imodzi, imakukana. Michael Faraday ndiye anatulukira kupotoza kumeneku m'chaka cha 1845. Choncho maginito akalowapo, lamulo la kupita ndi kubwera limamasuka.

Gogo_Fizikisi:
Achimwene a ku Chirimba andipeputsira ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti isolator yawo imafuna zidutswa zingapo, sefa ziwiri, kamwala ndi maginito, pamene m'miyala tikukambayi mwala umodzi ukugwira ntchitoyo popanda sefa, ngakhale kwa kuwala kosasefedwa.

Tiyambe ndi dzinalo. Pali zinthu zimene zimakhala ndi maginito mwa zokha, monga chitsulo, chifukwa timaginito ting'onoting'ono ta maatomu ake tafola mwadongosolo. Palinso zinthu zina, monga barium titanate amene ali m'ma capacitor ambiri a mu wailesi ndi foni, zimene mbali ina imakhala ya pozitivi ndi ina ya negetivi mwa zokha, ndipo mutha kuzitembenuza ndi voteji. Chinthu chikakhala ndi makhalidwe awiriwa nthawi imodzi chimatchedwa multiferroic, dzina limene Hans Schmid wa ku Geneva anayamba kugwiritsa ntchito mu 1994. Chosangalatsa si kukhala pamodzi chabe ayi, koma kuti m'miyala ina awiriwa amamangirirana, moti mukakankha ndi maginito, magetsi a m'katimo amasuntha, ndipo mukakankha ndi magetsi, timaginito timapendeka.

Tsopano kuwala. Aphunzitsi, ana anu amadziwa kale malamulo a zala a Fleming, choncho agwiritseni ntchito dzanja lamanja. Chala cholozera chikhale mphamvu ya magetsi ya m'funde la kuwala, chala chapakati chikhale mphamvu ya maginito, chala chachikulu chiloze kumene kuwala kukupita. Auzeni asunge chala cholozera chili choloza kudenga, kenako atembenuze dzanja kuti chala chachikulu chiloze kumene kuwala kunachokera. Adzaona okha kuti chala chapakati chatembenuka. Ndiye kuti funde lopita ndi funde lobwera amasiyana pa chinthu chimodzi ichi, chakuti pamene magetsi akukankhira kumwamba, maginito a funde lina akukankhira kum'mawa pamene a funde linalo akukankhira kumadzulo.

M'galasi wamba kusiyana kumeneku kulibe ntchito, chifukwa magetsi a kuwala amagwedeza zawo, maginito amagwedeza zawonso, ndipo sakumana. Koma mu multiferroic zala ziwirizi zimakankha katungwe mmodzi. Kuwala kukachokera uku, ana awiri okankha katungweyo akukankhira limodzi, katungwe akukwera kwambiri, ndiye kuti mwala watenga mphamvu ya kuwala, kuwalako kwamezedwa. Kukachokera uko, mwana wina akukankha pamene mnzake akukoka, katungwe sakuyenda kwenikweni, mwala sunatenge kanthu ndipo kuwala kwadutsa.

Masamu_Zingwangwa:
Agogo, ndiloleni ndiike manambala kuti ana a Fomu 4 aone kuti ndi masamu awo omwe. Kumeza kumayendera sikweya ya kukankha konse pamodzi. Titati kukankha kwa magetsi ndi 3 ndipo kwa maginito ndi 1, mbali ina tipeza 3 kuphatikiza 1, sikweya yake 16, mbali inayo 3 kuchotsa 1, sikweya yake 4. Onse akafanana, tinene 2 ndi 2, mbali ina ndi 16 ndipo inayo ndi 0. Pamenepo mpamene mwala umakhala khoma kwa wochokera uku ndi zenera kwa wochokera uko.

Gogo_Fizikisi:
Mwalasa. Ndipo manambala anuwo akuonetsanso chifukwa chake zimenezi sitiziona tsiku ndi tsiku. Pa kuwala kumene maso athu amaona, kukankha kwa maginito kumachepa kwambiri poyerekeza ndi kwa magetsi, kangapo konse kupitirira ka 100, ndiye taonani kusiyana kwa 101 ndi 99, n'kochepa. Kale anthu ankakuyeza movutikira. John Hopfield ndi David Thomas anaona kachizindikiro kake mu cadmium sulfide m'chaka cha 1960, ndipo Hopfield ameneyu ndi yemwe uja analandira mphoto ya Nobel mu 2024 pa ntchito ina yosiyaniratu, yokhudza makompyuta ophunzira. Nzeru imene inabwera pambuyo pake inali yofunafuna malo amene ana awiri aja ali ofanana msinkhu.

Wophunzira_Chichiri:
Ndine wa chaka chachitatu ku MUBAS ndipo nkhaniyi ndinaiwerengako pokonzekera semina. Malo ofanana msinkhu amene agogo akunena anapezeka awiri. Oyamba ali pa mafunde a terahertz, amene ali pakati pa microwave ndi infrared, ndipo funde la terahertz imodzi ndi lotalika mamilimita 0.3. Pamenepo kuwala kumagwedeza timaginito ta maatomu mwachindunji, ndipo popeza timaginitoto tamangirirana ndi magetsi, kugwedezekako kumamvera zala zonse ziwiri. Andrei Pimenov ndi anzake anaonetsa mu 2006 kuti kugwedezeka kotereku kulipodi mu TbMnO3 ndi GdMnO3, miyala ya manganese yokhala ndi terbium ndi gadolinium, ndipo kumatchedwa electromagnon. Kenako mu 2011 István Kézsmárki wa ku Budapest, pogwira ntchito ndi gulu la Yoshinori Tokura ku Japan, anayeza kusiyana kwakukulu kwa kupita ndi kubwera mu Ba2CoGe2O7, mwala wokhala ndi cobalt, ndipo mu 2014 anaonetsa kuti m'miyala ya banja lomweli mbali imodzi imatha kutsala pang'ono kukhala yosameza konse.

Malo achiwiri ali mu CuB2O4, mwala wa kopa ndi boron wooneka wobiriwira ngati thambo. Mmenemo muli kulumpha kwina kwa ma elekitironi a kopa, pa kuwala kwa pafupifupi ma nanomita 880 kungodutsa pang'ono pofiira pamene maso amalekezera, kumene mwachibadwa sikumvera kwambiri chala cha magetsi. Popeza kukankha kwa magetsi kwafooka, kwa maginito kumakupeza. Gulu la Taka-hisa Arima linaona kusiyana kwakukulu pamenepo mu 2008, ndipo mu 2015 linafikitsa pa 0 uja wa a Masamu pogwiritsa ntchito maginito amphamvu zedi.

Wokayika_Bangwe:
Chabwino, maina ndi zaka mwatchula. Koma ndili ndi funso limene maina sangayankhe. Ndikamanga zipinda ziwiri zotentha mofanana n'kuika mwala wanuwo pa zenera la pakati, kuwala ndi kutentha kudzapita chipinda chimodzi osabwerera. China chidzazizira, china chidzatentha, popanda magetsi kapena makala. Ndiye kuti ndapanga firiji yaulere, ndipo aphunzitsi omwewa amatiuza kuti zimenezo n'zosatheka. Chimodzi mwa ziwirizi ndi bodza.

Magalasi_Limbe:
Firiji yotero itapezeka, ine ndisiya tinti lero lomwe.

Gogo_Fizikisi:
Funso la bambo a ku Bangwe ndi la nzeru kuposa mmene a ku Limbe akulitengera, ndipo si iwo oyamba kulifunsa. Wilhelm Wien anadzutsa nkhawa yomweyi pa chipangizo cha Faraday chija, ndipo Lord Rayleigh anamuyankha mu 1901. Pa mwala wathuwu yankho lili motere. Kuwala kumene kwamezedwa sikunathe, kwasanduka kutentha m'mwalamo, ndipo chinthu chilichonse chotentha chimatulutsanso kuwala. Tsono katungwe amene amalandira mosavuta kuwala kopita kumanzere ndi yemweyo amatulutsa mosavuta kuwala kopita kumanzere. Choncho mwala umameza zochokera chipinda cha kumanja, n'kutulutsa zofanana nazo kuloza chipinda cha kumanzere. Chipinda cha kumanzere chimalandirabe gawo lake, kungoti chalandira kudzera m'manja mwa mwala. Zipinda zikayamba zili zofanana, zimakhalabe zofanana. Mwala umagwira ntchito ya chitseko pokhapokha mukauwalitsa ndi nyali yamphamvu kuposa kuwala kumene iwo umatulutsa wokha.

Wokayika_Bangwe:
Pamenepo ndagonja theka. Theka linalo ndisunga mpaka wina andiuze chifukwa chake maginito a pa sipika ya wailesi yanga sachita zimenezi ndikawagundika pa galasi.

Wophunzira_Chichiri:
Bambo, pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo maginito ndi chimodzi chokha. Choyamba n'chakuti mwala ukhale wodziwa kusiyanitsa nthawi yopita m'tsogolo ndi yobwerera m'mbuyo. Mukaonetsa kanema chobwerera, kuwala kumene kumapita kumanja kumaoneka kukupita kumanzere, ndipo galasi wamba limaoneka chimodzimodzi, choncho silingakondere mbali. Koma maginito amachokera ku zinthu zozungulira, ndipo mu kanema wobwerera zimazungulira mosemphana, ndiye mwala wa maginito umakhala wasintha. Chachiwiri n'chakuti mwala usakhale wofanana mukasinthanitsa kumwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo zonse pamodzi. Galasi lanu likulephera pa mayeso achiwiriwa. Mwala wokhala ndi mbali ya pozitivi ndi ya negetivi umakhoza. Muvi wa magetsi ukaloza kumwamba ndi muvi wa maginito n'kuloza chopingasa, zala ziwirizo zimasankha njira yachitatu, ndipo kuwala koyenda motsata njirayo kumasiyana ndi koyenda mosemphana nayo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti poyeza nthawi zambiri sasuntha nyali n'komwe. Amangotembenuza maginito, chifukwa kutembenuza muvi umodzi n'chimodzimodzi ndi kutembenuza ulendo wa kuwala. Mukatembenuza mivi yonse iwiri, zimabwerera mwakale.

Mai_Chilomoni:
Ine ndimaphunzitsa Chichewa ndipo ndakhala ndikungowerenga. Vuto langa ndi dzina. Aphunzitsi sangaime pamaso pa ana a ku Ndirande n'kutchula mawu atatu ataliatali a Chingerezi aja kenako n'kuyembekeza kuti agwira kanthu. Bwanji tizingoti mono wa kuwala, popeza nsomba imalowa m'mono koma situluka?

Namiyala_Ntcheu:
Mayi, mono ndaukonda, koma nsomba ya m'mono umakaipeza m'mawa ili yamoyo. Malinga ndi agogo, kuwala kwa mbali yoletsedwayo kumadyedwa.

Fibre_Chirimba:
Ofufuza ena amati optical diode, potengera diode ya magetsi imene imalola karenti kupita mbali imodzi. Kwa ana, ine ndikanafanizira ndi valavu ya pansi pa mjigo, imene imalola madzi kukwera koma osatsika.

Mai_Chilomoni:
Valavunso siidya madzi, achimwene. Ngati tikufuna kulondola, tingoti kumeza kokondera mbali, ndipo fanizo lililonse mphunzitsi azinena poyera pamene likutsimphina.

Mphunzitsi_Ndirande:
Kumeza kokondera mbali ndalemba. Koma ndikudziwa funso limene ana adzandiponyera, lakuti ngati zilipo, bwanji sizili m'masitolo?

Gogo_Fizikisi:
Muwauze za kuzizira. Ba2CoGe2O7 amafola timaginito take pokhapokha atazizira kufika pansi pa ma kelvin 7, ndiko kuti pafupifupi madigiri 266 pansi pa ziro. CuB2O4 amafuna pansi pa ma kelvin 21, ndipo TbMnO3 amakhala ndi mbali ya pozitivi ndi negetivi pansi pa ma kelvin 28. Ngakhale nayitrojeni wamadzi, uja a zoweta amasungiramo mbewu ya ng'ombe, ali pa ma kelvin 77, kotero kwa miyala imeneyi ndi wotentha. Pamafunika helium wamadzi, wa ma kelvin 4.2. Kutentha kumagwedeza maatomu, ndipo dongosolo losalimba limaphwasuka.

Chachiwiri ndi maginito. Makina a MRI amene anaikidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008 pofufuza malungo a mu ubongo mwa ana anali a ma tesla 0.35 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), ndipo a m'zipatala zambiri kunja ndi a 1.5 kapena 3. Zoyesa zambiri tikukambazi zimafuna ma tesla angapo, zina makumi angapo, zimene zimatheka m'malabotale owerengeka ndipo nthawi zina kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira. Chachitatu n'chakuti tsankholi limaoneka pa kagawo kopapatiza ka mafunde, osati pa kuwala konse kwa dzuwa. Mwala wa CuB2O4 mutaugwira m'manja n'kuutembenuza simungaone chachilendo.

Masamu_Zingwangwa:
Nanga palibe ndi umodzi womwe wopirira kutentha kwathu kuno?

Wophunzira_Chichiri:
Ulipo wodziwika kwambiri, bismuth ferrite, BiFeO3. Umasunga mbali zake za magetsi mpaka pafupifupi madigiri 830, ndipo dongosolo la timaginito take limafika pafupifupi madigiri 370. Mu 2015 Kézsmárki ndi anzake analengeza kuti aona kumeza kokondera mbali mwa iwo pa mafunde a terahertz, ndipo chiyembekezo n'chakuti mbali yotsegukayo izisinthidwa ndi maginito kapena ndi voteji. Chifukwa chimene miyala yotere ilili yosowa anachifotokoza Nicola Spaldin m'chaka cha 2000, nthawi imeneyo akudziwika kuti Nicola Hill. M'miyala ngati barium titanate, atomu imene imasuntha n'kupanga mbali za magetsi imafuna kuti chipinda china cha ma elekitironi ake chikhale chopanda kanthu, pamene maginito amafuna chipinda chomwecho chikhale chodzaza theka. Bismuth ferrite amazemba mkanganowu pogawana ntchito, bismuth amasamala za magetsi, chitsulo chimasamala za maginito.

Gogo_Fizikisi:
Kwa a Namiyala ndili ndi kamphatso. Chimene chimafiiritsa ruby wanu ndi chromium wochepa amene walowa m'malo mwa aluminiyamu. Mukachotsa aluminiyamu yense n'kusiya chromium yekha ndi okisijeni, mupeza Cr2O3, wa kamangidwe komweko ka ruby, ndipo ndi mwala woyamba umene anthu anaonamo magetsi akulamulira maginito. Igor Dzyaloshinskii analosera mu 1959, ndipo Astrov anayeza mu 1960 ku Soviet Union. Kunena mosamala, iwo suli m'gulu la multiferroic chifukwa ulibe mbali za magetsi zokhazikika, koma kumangirirana kuja ulinako. Dongosolo lake limatha pa ma kelvin 307, amene ndi madigiri 34. Kuno ku Blantyre ungagwire ntchito mu June, koma mutatsika nawo ku Chikwawa mu October masana, ungaiwale zonse.

Namiyala_Ntcheu:
Ndiye kuti ndakhala ndikugulitsa msuweni wake wa mwala wotchuka osadziwa. Ndifunseko, agogo, popeza patchulidwa terbium ndi gadolinium. Si miyala yomwe ija ya rare earth imene ikukambidwa ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe?

Gogo_Fizikisi:
Ndi banja lomwelo, inde. Koma tisathamange. Miyala ya m'malabotale imeneyi siikumbidwa, imaphikidwa m'ng'anjo kuchokera ku ufa woyeretsedwa kwambiri, ndipo kachidutswa koyezera kamakhala ka mamilimita ochepa. Amene akufuna rare earth wambiri ndi opanga maginito a ma mota ndi makina opangira magetsi ndi mphepo, osati ofufuza za kuwala awa. Ndiponso miyala imene tatchula kuti yaonetsa kukondera kwakukulu, ya cobalt, ya kopa ndi ya bismuth, ilibe rare earth n'komwe.

Wokayika_Bangwe:
Ndiye phindu lake n'chiyani, ngati isolator ya a ku Chirimba ikugwira kale ntchito popanda helium?

Fibre_Chirimba:
Isolator yathu ili ndi vuto limodzi lalikulu, imavuta kuichepetsa. Makampani akufuna kuika laser, njira za kuwala ndi zolandirira zonse pa chip chimodzi, koma garnet ndi maginito ake sizilowa bwino pamenepo. Kagawo kopyapyala kamene kangakondere mbali mwa iko kokha, n'kumasinthidwa ndi voteji, kangathetse vuto lenileni. Sindikunena kuti kafika, ndikungonena kuti njala yake ilipo.

Wophunzira_Chichiri:
Palinso ntchito imene yayamba kale, ngakhale ndi ya m'labotale. Miyala yambiri mwa imeneyi ndi ya mtundu wa antiferromagnet, kutanthauza kuti timaginito toyandikana timaloza mosemphana, kena kumwamba kena pansi, moti kunja kampasi yolozera kumpoto siimva kanthu. Pali mafoledwe awiri otheka, loyamba ndi lotembenuka lake, ndipo kuwasiyanitsa n'kovuta chifukwa onse amaoneka opanda maginito. Koma lina limameza kwambiri kuwala kopita kutsogolo, linalo kobwerera. Mu 2018 ofufuza anagwiritsa ntchito zimenezi pa LiCoPO4, analemba foledwe limene akufuna pogwiritsa ntchito magetsi ndi maginito pamodzi, kenako analiwerenga poona kuchuluka kwa mafunde a terahertz amene adutsa. Mafoledwe awiri ndi 0 ndi 1 wa kompyuta, ndipo popeza kunja kulibe maginito, maginito ena oyandikira sangafufute msanga zolembedwazo.

Wokayika_Bangwe:
Zimenezonso zili pa kuzizira kwa helium?

Wophunzira_Chichiri:
Inde bambo, pansi pa ma kelvin 22 kapena kuyandikira pamenepo.

Wokayika_Bangwe:
Ndiye theka langa lija ndisungabe.

Mphunzitsi_Ndirande:
Zikomo nonse. Lolemba ndikayamba ndi kuuza kalasi kuti yankho langa la Lachitatu linali lolakwa ndipo mnzawo ananena zoona. Kenako ndikufuna aone ndi maso kuti tinti ilibe tsankho, pounika ndi tochi mbali iyi kenako mbali inayo m'chipinda chotseka mawindo. Pambuyo pake tichite za zala zitatu ndi manambala a a Masamu. A ku Limbe, kodi mungakhale ndi kachidutswa ka galasi la mira kotsala?

Magalasi_Limbe:
Zidutswa zilipo zambiri, ndipo ndizipala m'mphepete kuti ana asadzicheke. Mubwere Loweruka isanakwane 12 koloko, chifukwa masana ndimatseka.

Gogo_Fizikisi:
Aphunzitsi, poyesa tochiyo musadalire maso a ana okha, chifukwa mbali yonyezimira ikawabwezera kuwala kumaso adzalumbira kuti zasiyana. Tochi ndi galasi zikhale malo amodzi, kuseri muike pepala loyera kapena foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kuwala, ndipo muzitembenuza galasi lokhalo. Pa zala zija muonetsetse kuti onse akweza dzanja lamanja, chifukwa m'kalasi iliyonse simulephera kukhala amanzere awiri kapena atatu amene adzapeza yankho lotembenuka n'kuyamba kutsutsana ndi anzawo.